Chaka Chimene Ndinabwereketsa Matayala

Anyamata a masiku ano akaona chigoba cha galimoto chili kuseri kwa nkhokwe yanga, nkhuku zikuikiramo mazira, amandifunsa ngati nzoona kuti galimoto imeneyo sinalepherepo fitinesi. Ndimawayankha kuti nzoona. Chaka ndi chaka ndinkapita nayo ku Chipata kukaiyezetsa monga lamulo linkanenera, ndipo chaka ndi chaka ndinkabwerako ndi kapepala kozungulira komata pagalasi, kosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Anyamatawo amagwedeza mitu nkumati zinthu zakale zinali zolimba. Ine ndimangowasiya osawauza nkhani yonse. Lero ndaganiza zoilemba.

Galimotoyo ndinaigula nditasiya ntchito yokonza magalimoto kumigodi. Inali yakale kale pamene ndinkaigula, ya mtundu uja wamtali wokoka ndi mawilo onse anayi, wopangidwira misewu yoipa. Kwathu kuno ku Mlolo inali yokhayo. Inkanyamula chimanga, nshawa, akwati, odwala ndi maliro. Anthu ankaitcha nkhalamba, ndipo ine ndinkapsa mtima nazo, koma ankanena zoona. Inkatsokomola m'mawa uliwonse, chitseko cha kumanzere chinkamangidwa ndi waya, ndipo mvula ikagwa wokhala kutsogolo ankafunda thumba. Komabe matope amene ankagonjetsa malole iyo inkangowadutsa ikung'ung'udza.

Zinali zaka za chipani chimodzi, nthawi imene m'masitolo munkakhala mashelefu okhaokha. Sopo tinkaimira pamzere, mchere tinkaimira pamzere, nanga tayala la galimoto ukanalipeza kuti? Babu ya nyali ikapsa unkalira ngati wafedwa. Koma lamulo la fitinesi silinkadziwa zimenezo. Ku Chipata kunali bwalo lokhala ndi dzenje lalitali, ndipo unkaimika galimoto pamwamba pa dzenjelo. Woyeza wake anali bambo wamfupi wa magalasi, wosaseka, wosalandira ngakhale nthochi. Ankalowa pansi ndi kanyundo, nagogoda apa ndi apo, kenako nkutuluka nkumati yatsani nyali, lizani hutala, pondani mabuleki. Pomaliza ankatenga kamtengo ka machesi nkukalowetsa m'mizere ya tayala lililonse. Tayala likakhala lakutha, losalala ngati chipande, ankangopukusa mutu, basi ulendo wako wathera pomwepo.

Ndiye tinapeza nzeru. M'dera lathu lonse tinalipo atatu okhala ndi magalimoto a mtundu umodzi: ine, bambo wina wa chigayo ku boma la Chadiza, ndi mnzanga wina wa sitolo yaing'ono ku Pembamoyo, amene tinkaimba naye kwaya tili anyamata. Panalibe galimoto yathunthu pakati pathu, koma mukaphatikiza zitatuzo munkapeza imodzi yabwino. Wa chigayo anali ndi batire lamphamvu ndi nyali zowala. Wa ku Pembamoyo anali ndi hutala, magalasi oonera kumbuyo ndi zopukutira mvula. Matayala tinkachita kusankha anayi ooneka bwino mwa khumi ndi awiri. Mwezi wa mmodzi ukakwana, enafe tinkavula magalimoto athu nkuveka yakeyo, iye nkupita ku Chipata, nkubwera ndi kapepala, nkubweza za eni ake. Tinkati kuveka mkwati. Miyezi yathu inali yosiyana, choncho sitinkalimbirana.

Sitinkaona ngati kuba. Kwathu khasu limabwerekedwa, ng'ombe zolimira zimabwerekedwa, jekete la ukwati limodzi linakwatitsa theka la mudzi. Wokana kubwereketsa ankatchedwa womana, ndipo dzina limenelo silichoka ngakhale pamaliro ako. Ine kwa zaka zambiri ndinalibe chabwino chopereka kupatula manja anga ndi masipanala. Ndinkangolandira, ndipo zinkandipweteka mumtima, pakuti ndine munthu wosakonda kuoneka wopemphetsa.

Woyeza uja ankafunsa funso limodzi chaka chilichonse, akupukuta manja ndi kansanza.

"Matayala awa ndi anu?"

"Ndi anga, bwana."

Ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake kanthawi, kenako nkudinda. Sindikukhulupirira kuti sankadziwa. Panali tayala lina lokhala ndi chipsera m'mbali limene analiona katatu pachaka, pa magalimoto atatu osiyana. Koma ntchito yake inali kuyeza chimene chaima pa dzenje tsiku limenelo, ndipo chimene chinkaimapo chinali chabwino ndithu.

Chaka china mwayi unandigwera. Mlamu wanga wokhala kutsidya kwa malire anandipezera matayala anayi atsopano, a mizere yakuya yoluma matope. Anafika atabisidwa pansi pa matumba, ndipo sindinafunse zambiri. Akale aja ndinawapereka kwa osoka nsapato ndi eni ngolo tsiku lomwelo, mwa kunyada, kuti anthu aone kuti sindikuwafunanso. Ndinapita ku fitinesi, ndinakhoza, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayankha funso la woyeza popanda kunama. Ndinkayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo. Tsopano ine ndiye ndinali wopempheredwa.

Chaka chomwecho mkazi wanga anali ndi pakati. Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene pobadwa anatsala pang'ono kutenga moyo wa mayi wake. Panapita zaka zambiri popanda wina, mpaka tinasiya kuyembekezera. Pamene mimba iyi inaoneka, anesi a ku boma anatiitana tonse awiri nkundilankhula ine maso ndi maso. Anati mayiyu asayerekeze kuchilira kumudzi. Anati mwezi womaliza ukangoyamba ndibwere naye adzadikire pafupi ndi chipatala, ndipo akangomva kupweteka kapena kuona magazi nthawi isanakwane, ndisadikire ngakhale kuti madzi awire. Ndinaseka. Ndinati, "Anesi, zimenezo muziuza anthu a njinga. Ine galimoto imagona pakhomo."

Mnzanga wa ku Pembamoyo anafika Lachiwiri m'mawa, mkati mwa dzinja, chimanga chitayamba kumasula. Mkazi wanga anali m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Ndinamva galimoto yake ikubwera chapatali, ikugwedera ngati ng'ombe yotsimphina, ndipo ndinadziwiratu chimene wadzera. Tinapatsana moni, anafunsa za alamu ake, anamwa thobwa, kenako anakanda m'mutu.

"Mbale wanga, mwezi wanga wakwana. Mkwati alibe nsapato."

Ndinapita kukaona matayala ake. Awiri anali osalala koma osunga mpweya. Lachitatu linali ndi chigamba cha tayala lina chomangidwa ndi mabawuti. Lachinayi linkafuna kupopa pa mtunda uliwonse, chubu chake chinali zigamba zokhazokha. Mwambo wathu unali wakuti wobwereka amasiya akewo pa galimoto yako mpaka atabwera.

"Lero ndipita, mawa andiyeza, mkuja m'mawa ndili pano," anatero. "Dzuwa lisanafike pamutu mudzakhala mutavala zanu."

Mkazi wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanali munthu wolowerera nkhani za amuna, ndipo sindikumbuka tsiku lina limene anandiletsapo chinthu. Anaima atagwira m'chiuno, mapazi atatupa.

"Abambo, musavule galimoto."

"Ndi masiku awiri okha, amayi."

"Ndamva. Koma thupi langa silikundikomera sabata ino. Auzeni adikire ndichire kaye."

"Pepala lake likutha Loweruka. Akapanda kupita amugwira pamsewu. Mwezi wanu sunakwane, mukuopa chiyani?"

"Sindidziwa. Ndikungoti musavule."

Apa mtima wanga uja unabwera. Ndinamukumbutsa zaka zonse zimene hutala ya munthu ameneyu inalira pa galimoto yanga. Ndinati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Ndinati kodi mukufuna ku Pembamoyo konse akamve kuti ndangopeza matayala nkusanduka womana? Ndinalankhula mokweza, kuti mlendo amve kuti pakhomo pano mwamuna ndi ine. Mkazi wanga anawerama movutikira, natola lichero lake, nalowa m'nyumba.

Tinakweza magalimoto pa jeke nkusinthanitsa mawilo. Ndinamanga ndekha manati a galimoto yake, mwamphamvu, kuti asakandichititse manyazi panjira. Ananyamuka akuliza hutala, ine ndikumubayibitsa ngati munthu wachita chinthu chachikulu.

Lachinayi linafika, dzuwa linafika pamutu, linapendeka, linalowa. Lachisanu chimodzimodzi. Nthawi imeneyo kunalibe foni yoti nkufunsira. Ndinadzamva pambuyo pake zimene zinachitika. Woyeza uja atalowa m'dzenje anapeza mafuta a mabuleki akudontha kuseri kwa wilo lakumbuyo, nkumuuza kuti akakonze abwerenso. Kanali koyamba kuti mmodzi wa ife atatu abwezedwe. Chofunika chinali kalabala kakang'ono kokwana pachala ngati mphete, koma anazungulira magalaja onse a m'tauni osakapeza. Pamene ankakapeza, kwa munthu wina wophwasula magalimoto akufa, linali Loweruka ndipo bwalo linali lotseka. Anaganiza zobwera kudzandibwezera matayala, koma petulo wa maulendo awiri analibe. Anati adikire Lolemba. Ine ndikanakhala iyeyo ndikanachita chimodzimodzi.

Masiku amenewo ndinkadzuka nkupopa tayala lachinayi lija, nkubwerera masana nkulipeza lagona. Mkazi wanga ankandiona ndikupopa. Lamlungu usiku mvula inagwa yosalekeza.

Lolemba m'mawa ndinali kumunda pafupi ndi nyumba pamene mkulu wake wa mkazi wanga, amene anabwera kudzatithandiza ntchito za pakhomo, anandithamangira alibe mpango kumutu. Anangoti, "Alamu, magazi." Ndinataya khasu.

Tayala lija linakana mpweya. Ndinapopa mpaka manja anatopa, koma chubu chinali chitang'ambika motalika. Tinachita zimene tinkachita zikavuta: tinachotsa chubu nkudzaza tayala ndi udzu wouma wozula padenga la khola, nkusindira ndi mtengo. Ntchito imeneyo inadya nthawi, ndipo nthawi yonseyo ndinkamva amayi a mpingo akulowa ndi kutuluka m'nyumba mwanga ndi mabeseni. Tinamugoneka kumbuyo pa mphasa ndi mabulangete, mutu wake pamiyendo ya mkulu wake. Injini inalira ulendo woyamba, zimene sinkachita kawirikawiri, ndipo ndinati Mulungu ali nafe.

Pakati pa kwathu ndi msewu waukulu wopita ku boma pali dambo. Ndinali nditaliwoloka kambirimbiri dzinja limenelo, nditadzaza matumba ndi anthu pamwamba, osaganizako nkomwe. Tsiku limenelo ndinalowa ndi giya yamphamvu, mawilo onse anayi akukoka, monga mwa nthawi zonse. Tinafika pakati. Kenako ndinamva galimoto ikupepuka pansi panga. Injini inkabangula, mawilo ankazungulira onse anayi, koma matayala osalala aja ankangonyambita matope. Sitinasunthe ngakhale phazi limodzi.

Anthu anabwera kuchokera m'minda. Amuna anavula malaya, anathyola nthambi, anatuta miyala, anakankha akufuula pamodzi. Ena anali a mpingo wathu, ena anali a gule amene sitinkadyera nawo mbale imodzi, koma m'matope amenewo munalibe wofunsa mnzake kumene amapemphera. Galimoto inasuntha pang'ono, nkubwerera. Ndinaponda mafuta mwaukali, ndipo tayala la udzu lija linavuka pa chitsulo chake, udzu nkumwazika pamadzi. Galimoto inapendekera mbali imodzi nkukhala pansi. Ndinakhala pampando manja ali pa chiwongolero, ndipo kutsogolo kwa maso anga, pagalasi lodzala matope, panali kapepala kozungulira kaja konena kuti galimoto iyi ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Munthu wina anathamangira ngolo. Ng'ombe zinali kubusa, anachita kukazisaka. Tinamunyamula mkazi wanga pamanja kuwoloka dambo, anthu asanu ndi mmodzi, madzi ali m'mawondo. Anali wopepuka modabwitsa kwa munthu wa pakati. Ndinakwera naye m'ngolo, ndinamugwira dzanja, ndipo ng'ombe zinayenda monga ziyendera ng'ombe. Mwini wake anazikwapula mpaka ndinamuuza kuti aleke.

Panjira analankhula kawiri. Koyamba anapempha madzi. Kachiwiri anauza mkulu wake kuti diresi la sukulu la mwana lili pa chingwe, wina akalianule lisanyowe. Za matayala sanatchule. Ndinkadikira kuti anene, ndinkafuna kuti anene, anditukwane pamaso pa anthu kuti ndinakuuzani. Sananene. Ankangondiyang'ana nthawi ndi nthawi, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndilipo. Ndakhala zaka zambiri ndi kusanena kumeneko, ndipo kumalemera kuposa mawu alionse amene akanalankhula.

Anatisiya dzuwa litapendeka, mitengo ya ku boma ikuonekera patali. Mkulu wake ndiye anayamba kuzindikira. Anamutseka maso, namufunditsa chitenje kumutu, nayamba kulira motsitsa. Mwini ngolo anaimitsa ng'ombe nkuvula chipewa. Tinapitirirabe mpaka ku chipatala, chifukwa sindinkavomera, koma anesi aja atamuona anangondigwira paphewa. Mwana wa m'mimba anapita naye limodzi. Sanandifunse za galimoto yogona pakhomo ija, ndipo ndimawathokoza mpaka lero.

Lachiwiri m'mawa, anthu atadzaza pabwalo, azimayi akuimba nyimbo za maliro m'nyumba, tinamva hutala. Inkalira mokondwa, katatu katatu, kuyambira kutali. Mnzanga anadzera njira ya kumtunda yochokera ku Chipata, yosapita ku boma, choncho sanaone galimoto yanga m'dambo, ndipo panalibe amene anamuuza. Anakhota pa mtengo wa mango akumwetulira, dzanja lili panja likuloza kapepala katsopano pagalasi. Kenako anaona anthu. Hutala inadukira pakati.

Ndinaimirira. Sindikumbuka kutola sipanala ya mawilo, koma akuti inali m'manja mwanga, ndipo akulu a mpingo awiri anandigwira mikono. Mnzanga anatsika, nagwada m'matope pafupi ndi wilo lakutsogolo. Wina anamunong'oneza. Sanalire mokweza. Anatulutsa jeke nkuyamba kumasula manati pomwepo, ngati kubweza matayala mofulumira kukanabweza china chilichonse.

"Asiyeni," ndinatero.

"Mbale wanga, ndine ndapha alamu."

"Ndati asiyeni. Manati amenewo ndinamanga ndine."

Mkwiyo unali utandithera, chifukwa ndinaona kuti munthu amene ndinkafuna kumumenya sanali iyeyo. Iye anapempha monga tinkapemphera tonse. Amene anauzidwa kuseri kwa nyumba kuti musavule galimoto ndinali ine.

Apongozi anga, mayi ake a malemu, ankakhala kutsidya kwa dambo lija ndipo miyendo yawo inali yofooka. Panafunikanso matabwa a bokosi kuchokera ku boma. Mnzanga ndiye anatumidwa, ndipo ine ndinakwera naye ulendo woyamba kuti ndikawauze ndekha apongozi. Tinafika padambo, tinadutsa pambali pa galimoto yanga itapendekeka pomwe ndinaisiya, udzu ukuyandamabe. Matayala anga analuma matope omwewo nkutulukira kutsidya osaterereka ngakhale kamodzi. Tsiku limenelo anawoloka dambolo kanayi.

Maliro atatha tinakaikoka nkhalamba ndi ng'ombe, nkuibwezera nsapato zake. Kwa miyezi ingapo sindinkafuna kuiona. Koma odwala sanasiye kudwala chifukwa ine ndafedwa, ndipo tsiku lina anagogoda bambo wina amene mkazi wake anali pa ululu. Ndinadzuka nkuliza injini. Kuyambira pamenepo galimoto yanga sinagonenso yovula. Wina akafuna matayala ndinkamuuza kuti ayi, poyera, ndipo dzina la womana ndinalilandira. Mnzanga wa ku Pembamoyo sanapemphenso. Chaka chotsatira galimoto yake inaikidwa pa miyala kuseri kwa sitolo, ndipo sinatsikeponso.

Mwezi wanga wa fitinesi utayandikira ndinapeza kathumba pakhonde. Munali hutala, magalasi awiri oonera kumbuyo ndi zopukutira mvula, zokulungidwa bwino m'nyuzipepala. Panalibe uthenga. Ndinakhala nako kathumbako masiku awiri, kenako ndinazimanga pa galimoto, pakuti popanda kapepala sindikanatha kunyamula munthu aliyense kupita ku chipatala. Nditafuna kubweza, mnzanga wa ku Pembamoyo ananditumizira mawu akuti zikhale komweko.

Ku Chipata woyeza anali yemwe uja. Analowa m'dzenje, anagogoda, anatuluka. Ndinayatsa nyali, ndinaliza hutala, ndinaponda mabuleki. Analowetsa kamtengo ka machesi m'tayala lililonse, ndipo kanamira bwino.

"Matayala awa ndi anu?"

"Ndi anga, bwana."

Tsiku limenelo, sindidziwa chifukwa chake, anali ndi nkhani. Anasisita boneti ngati akusisita ng'ombe, natembenukira anyamata awiri amene ankaphunzira ntchito.

"Mukuiona iyi? Magalimoto akalewa ndiwo magalimoto. Zatsopanozi zimabwera zonyezimira nkulephera. Iyi chiyambire kubwera pano sinalepherepo."

"Inalephera kamodzi, bwana," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, natsegula buku lake lalikulu, nayendetsa chala chaka ndi chaka mpaka pansi.

"Muno mulibe," anatero.

"Simunalipo, bwana."

Anadinda kapepala nkundipatsa, ndipo ndinapita kukakamata pagalasi pamwamba pa kakale kaja.